Vinyo wa Bwana Chimphuno

Ana anga, za ubwana wanga kutsidya kwa Ruo sindilembapo kanthu, chifukwa chimene ndinachita kumeneko n'kudwala mphere ndi kuthawa asilikali a Apwitikizi basi. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Mukaona nkhani ikukhotakhota, pirirani. Bambo anu mumawadziwa kale, amachedwa m'njira koma amafika.

1909 mpaka 1913

Ntchito yanga yoyamba inali yonyamula machila pa esiteti ina kumunsi kwa phiri la Thyolo. Masiku amenewo tiyi anali asanakute mapiri monga mukuonera lero. Kunali fodya, kunali khofi wotsala amene ankangofa yekha, ndi timitengo ta tiyi timene azungu ankangoyesa. Ife Alomwe tinkafika mtolo uli pamutu, n'kupatsidwa pomanga nyumba ndi kamunda, malipiro ake n'kukhala thangata. Mzungu amene ndinkanyamula anali Mtaliyana wolembedwa ntchito ndi kampani, wamfupi, wonenepa, wokonda kuimba, ndipo mphuno yawo inkalowa m'nyumba eniake akadali pakhonde. Tinawatcha Bwana Chimphuno. Dzina lawo lenileni ndikulidziwa, koma lisiyeni. Kulemera ankalemeradi, phewa langa lamanzere limandikumbutsabe kukazizira, koma chikoti sankachigwira. Akakwiya ankangolalata m'chilankhulo chakwawo manja ali m'mwamba, ife n'kumangodikira kuti atope.

Tsiku lina tikudutsa pafupi ndi mabalani oumitsira fodya, ndinauza mnzanga wakutsogolo kuti m'balani yakumapeto fodya akupserera. Utsi sunkaoneka. Bwana anandimva, anadzutsa mutu m'machilamo, nanunkhiza kamodzi, kenako anadumpha n'kuthamanga liwiro limene sitinkadziwa kuti ali nalo. Titazimitsa moto anabwera akupukuta thukuta nandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, dzina lako ndani?"

"Mulipa, Bwana."

"Mulipa, mphuno yako ndi yaing'ono koma imagwira ntchito. Machila usiye."

Mmene ndinalowera m'mabalani ndi mmenemo. Anzanga a machila anandiseka kuti ndakwezedwa chifukwa chonunkhiza ngati galu, koma sindinadandaule, popeza phewa langa linapuma. Chaka chimenecho ndinakwatira mayi anu, ndipo ndinakamanga nyumba kwawo, mbali ya ku Changata. Apongozi anga anandiyesa ndi munda wa tsekera umene unali utakanika akamwini awiri.

1914 mpaka 1918

Tiyi atayamba kuthyoledwa, kampani inamanga kafakitale ka malata, Bwana Chimphuno n'kukhala woyang'anira. Anandichotsa ku fodya n'kupita nane kumeneko. Ndinaphunzira kufotetsa masamba, kuwapota pamakina, kuwasiya mpaka afiire, ndi kuwaumitsa pamoto. Koma ntchito imene inandikwana inali ya m'kachipinda kolawira. Mmawa uliwonse tinkandandalika timakapu toyera ta zivundikiro pathebulo lalitali, m'kapu iliyonse tiyi wa mtundu wake, n'kuthira madzi owira. Akatuluka mphamvu tinkatsanulira m'timbale, masamba onyowa n'kukhala pachivundikiro kuti tiwanunkhize. Kenako munthu amatunga ndi supuni, n'kukoka tiyiyo pamodzi ndi mpweya mwaphokoso, phokoso loti ukalichita pamaso pa apongozi akhoza kukubweza kwanu. Umamuyendetsa m'kamwa monse, lilime n'kumva zake, mphuno n'kumva zake, ukatero n'kulavulira m'chitini chachitali chimene chinkakhala pambali. Tsiku loyamba ine ndinameza, poona kuti tiyi waulere sapezeka kawirikawiri. Bwana anagwira mutu.

"Mulipa, wolawa sameza. Ukameza, mimba ndi imene iweruze, ndipo mimba ilibe nzeru."

Ndinazolowera kulavula mpaka mayi anu anayamba kundiyang'anitsitsa pa chakudya, kuopa kuti ndiwalavulira ndiwo. Ndinaphunziranso kuti tiyi wa nthawi ya mvula amachuluka koma amakhala wamadzimadzi, pamene wa chilimwe, mtengo ukamavutika ndi ludzu, masamba ake amachepa koma mphamvu yonse imaunjikana mmenemo.

Zaka za nkhondo ya Jeremani zinali zowawa. Anyamata ambiri anatengedwa kukhala atengatenga, ena osabwerera. Mchere unasowa, nsalu zinasowa, misomali yokhomera mabokosi a tiyi tinkazula ku mabokosi akale n'kuiwongola ndi mwala. Lamba wa makina ataduka tinasoka wina ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo agalu a pa esiteti ankabwera kudzamunyambita makina akaima. Ine sindinatengedwe chifukwa Bwana anauza a ku Boma kuti popanda ine fakitale iima. Linali bodza, koma ndinalilandira ndi manja awiri.

1919

Nkhondo itatha kunabwera fuluwenza. Za maliro a nthawi imeneyo sindikufuna kulemba. Bwana nawonso anagwidwa, ndipo anadzuka ataonda, khungu likulendewera. Atabwerera ku ntchito tinalowa m'kachipinda kathu monga mwa masiku onse. Ananyamula chivundikiro, naika mphuno yonse ija pamasamba, nakoka mpweya. Anakokanso. Anatenga china, kenako china. Atatero anakhala pansi pabokosi n'kutseka chitseko ndi phazi.

"Mulipa, palibe. Ndikumva kutentha kokha. Tiyi, madzi, sopo, zonse chimodzimodzi."

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Mphuno yonse ija inali itasanduka chokongoletsa nkhope. Anandiuza kuti akuluakulu a kampani ku Blantyre akadziwa, awakweza sitima n'kuwabweza kwawo, kumene analibe munda kapena nyumba, chifukwa woyang'anira fakitale wosamva fungo ali ngati mlonda wakhungu. Tsono tinapangana. Ine ndizilawa ndi kunena, iwo azilemba ndi kulamula. Pakakhala alendo achizungu, onse tizilawa, ine n'kukanda khutu lamanja tiyi akakhala wabwino, lamanzere akapserera. Anandigwira dzanja nandilumbiritsa kuti sindidzauza munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndinalumbira, ndipo ndinasunga. Tiyi wathu ankapita ku Luchenza kukakwera sitima, makalata oyamikira mphuno ya Bwana n'kumabwera, ife awiri n'kumaseka chitseko chili chotseka.

1927

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndatengera cholembera. Mayi anu anabatizidwa kalekale, inu mukadali kumsana. Ine ndinachedwa, chifukwa mpingo wathu sulola mowa, pamene ine otheka wa kwathu, mowa wa mapira uja, ndinkaukonda ngati mbale wanga. Ndinalowa kalasi ya ubatizo, ndinagwa, ndinalowanso, ndinagwanso pa maliro a malume anga. Ulendo wachitatu ndinalimba. Zaka zinadutsa osalawa ngakhale dontho, ndipo akulu a mpingo analengeza kuti abusa akadzabwera kuchokera ku mishoni mvula isanayambe, Mulipa adzalowa nawo m'madzi a Nsuwadzi. Mayi anu anasoka malaya oyera n'kuwapinda m'bokosi. Tsiku la Mgonero ankakhala kutsogolo okha ine ndili kumbuyo ndi ana, ndipo ankanena kuti chinthu chimodzi chimene akupempha asanafe n'chakuti tidzakhale pa benchi imodzi. Lamulo linali lodziwika: wa m'kalasi akakhudza mowa abwerera pansi kukayambira pamodzi ndi tiana.

Nthawi yomweyo mwana wamkazi wa Bwana, amene tinkamutcha Dona wamng'ono, anapeza mwamuna, mnyamata wa Chisikotchi wa pa esiteti yoyandikana nayo. Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, Bwana anandiitanira kunyumba kwawo masana, nanditengera m'chipinda chosungiramo katundu. Anakankha matumba, natukula matabwa a pansi. Kunsi kwake kunali dzenje lozizira la mchenga, ndipo mumchengamo munagona mabotolo akuda, chogona cham'mbali ngati ana pamphasa.

Anandifotokozera kuti kwawo mwana wamkazi akabadwa, amasunga vinyo wa chaka chimenecho kuti adzatsegulidwe pa ukwati wake. Dona wamng'ono anabadwa chaka cha dzuwa loopsa, zitsime zinauma, mphesa zinachepa n'kukhala zazing'ono ndi zakuda bii. Bambo awo a Bwana, amene pofika nthawi ya ukwatiyi anali atamwalira kale, ndiwo anaponda mphesazo ndi mapazi awo, ndipo munda umenewo unagulitsidwa pambuyo pake. Mabotolowo anawoloka nyanja, anakwera Zambezi, anafika ku Thyolo pamitu ya anthu.

"Mulipa, vinyo amafa ngati munthu. Kuno n'kotentha. Mwina muli vinyo, mwina muli viniga. Ndikathira viniga pamaso pa Asikotchi aja, mwana wanga adzasekedwa mpaka kukalamba. Mzungu sindingamufunse, adzati bwanji osalawa wekha. Ndatsala ndi iwe."

"Bwana, mukudziwa kuti ndili m'kalasi."

"Ndikudziwa. Sindikukulamula. Ndikupempha."

Pa zaka zonse zija anali asanandipemphepo kanthu. Ndinaima pamenepo mtima ukukokera uku ndi uku. Ndinaona malaya oyera m'bokosi la mayi anu, ndinaonanso nkhalamba iyi itagwada pamchenga, ikupukuta fumbi pabotolo ndi mkono wa malaya ake. Ndinadzifunsa kuti tiyi amene ndalawa moyo wanga wonse, ndamwapo wochuluka bwanji? Ndinati, "Bweretsani beseni. Ndilawa monga timalawira ku fakitale. Kukhosi sikudutsa kanthu."

Anatenga botolo limodzi mosamala, osaligwedeza, nalitsegula ndi kachitsulo kopotana ngati mchira wa nkhumba. Chitsekero chinatuluka chonyowa, chikufumbutuka. Ndisanafikitse n'komwe tambula kumphuno ndinadziwa. Ndinalawabe pang'ono kuti ndisanamizire, ndipo masaya anga anakwinyika okha.

"Uyu wafa, Bwana. Ndi wothira mu saladi."

Bwana anangokhala pansi, mphuno ija italoza pamchenga. Ndinayang'ana mabotolo otsalawo n'kuona kuti limene tinatsegulalo linali lakumtunda, pafupi ndi matabwa, ndipo vinyo wake anali atatsika mpaka m'mapewa a botolo, pakamwa pake pali zomatamata. Ena akuya mumchenga anali odzaza mpaka m'khosi, pakamwa pouma. Ndinati tiyese limodzi la amenewo. Anayatsa kandulo, ine n'kuigwira. Anatsanula pang'onopang'ono kuwala kuli kuseri kwa botolo, kuti aone nsenga zikayamba kubwera n'kulekeza pomwepo.

Ndinapendeketsa tambula pansalu yoyera. Pakati panali pakuda ndithu, koma m'mphepete munali mofiirira ngati njerwa yootcha bwino. Nditanunkhiza, mtima unagwa, chifukwa fungo lake linali la nyumba imene yakhala yotseka eniake ali paulendo. Ndinawauza zomwezo. Iwo anati, "Dikira. Wagona zaka zambiri, sangadzuke n'kuyamba kuimba." Tinadikira, iwo akuzunguza tambulayo. Kunja a Dinala, kuki wa panyumbapo, ankathamangitsa nkhuku. Patapita nthawi ndinanunkhizanso, ndipo ndinawayang'ana Bwana.

"Nena, Mulipa. Nena zonse, usasiye."

"Nthudza, Bwana, zakupsa kwambiri, zimene zayamba kukwinyika padzuwa. Kumbuyo kwake kuli masau ouma a ku chigwa. Kulinso fodya, osati wopserera, koma wa m'balani tsiku limene timatsegula chitseko atauma bwino. Ndipo pansi penipeni pali dothi lofiira mvula yoyamba ikangowaza."

Bwana anali atatsinzina. Ndinaika vinyoyo m'kamwa, n'kukoka mpweya mwaphokoso monga mwa ntchito yathu. Ana anga, ine ndinkayembekezera chinthu cholusa ngati kachasu. Ayi. Analowa mofatsa, wonenepa, wodzaza m'kamwa monse, wotsekemera pang'ono poyamba koma osati ngati shuga. Kenako kunabwera kufunda, ngati wakhala pakhonde dzuwa la Okutobala litangolowa, khoma likubwezabe kutentha. Kumapeto anandigwira nkhama monga amachitira tiyi wabwino wa chilimwe, kugwira kosakanda, kwa chinthu chimene chinali chaukali paunyamata koma chafatsa ndi zaka. Ndinamusunga m'kamwa nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira. Kenako ndinawerama n'kulavulira m'beseni, ndinatsuka m'kamwa ndi madzi, n'kulavulanso. Koma kukoma kwake sikunachoke.

"Ali moyo, Bwana. Dzuwa lija lili momwemo lonse, mphesa zinavutika ndi ludzu ngati tiyi wathu wa chilimwe. Koma ndi nkhalamba yovala bwino, musamuyendetse ulendo wina. Amwedwe pa ukwati uno. Otsika m'mapewa aja muwasiye, odzazawa muwatsegule mmawa kuti apume."

"Fodya wa m'balani," anatero Bwana, misozi ikutsikira m'mbali mwa mphuno. "Bambo anga ankanunkhira choncho."

Anatenga tambula ija namwa pang'ono, ngakhale kwa iwo anali madzi ofunda chabe, ndipo anandiuza kuti ndibwerezenso zonse kuyambira pa nthudza. Ndinabwereza.

Ukwati unachitika Loweruka. Ine ndinali kuseri ndi ogwira ntchito, koma a Dinala anatiuza kuti vinyo atathiridwa Asikotchi anasiya kulankhula, ndipo bambo a mkwati, munthu amene sankaseka ngakhale pa Khirisimasi, anaimirira n'kukagwira Bwana dzanja. Dona wamng'ono anavina mpaka nsapato inathyoka chidendene.

Mlandu

A Dinala omwewo ndi amene anatsuka beseni lija, ndipo anandionanso ndikutuluka mano ali ofiira. Sanali munthu woipa. Anali Mkhristu wa mpingo wathu amene chinthu chikamulowa m'maso chimayenera kutulukira pakamwa. Sabata yotsatira, mapemphero atatha, akulu anandiuza kuti nditsale. Tinakhala pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa tchalitchi, anthu ambiri n'kutsalanso ngati akufuna mthunzi. Wotsogolera anali a Namakhwa, amene kale anali kapitawo wa othyola masamba, nkhalamba yoonda yolankhula pang'onopang'ono ngati ikuwerenga mawu ake.

"A Mulipa, vinyo analowa m'kamwa mwanu?"

"Analowa."

"Munameza?"

"Sindinameze. Ndinalawa ngati tiyi, n'kulavula."

Anthu anang'ung'udza, ena anaseka. Mkulu wina anati mowa ndi mowa, ukadutsa milomo walowa m'nyumba, zoti unafika kuchipinda kapena unathera pabalaza si nkhani. Wina anati ngati zili choncho ndiye kuti amayi onse otsuka mbiya za achimwene awo ndi oledzera. Anakangana mpaka a Namakhwa anakweza ndodo.

"Funso langa ndi limodzi. Mzungu ali ndi pakamwa pake, ali ndi mphuno yoti tonse tikhoza kubisalamo mvula. Anafuniranji pakamwa panu?"

Apa ndiye panali pothina. Ndikanena, ndaphwanya lumbiro ndipo mawu akafika ku Blantyre, Bwana apita. Ndikakhala chete, ndioneka ngati munthu amene anangolakalaka vinyo n'kupeka nkhani. Ndinayang'ana kumene kunakhala mayi anu. Anali atayang'ana pansi, akupotokola ngonya ya mpango wawo.

"Chifukwa chake chilipo, koma si changa. Sindinganene."

A Namakhwa anati mlandu aupitiriza sabata yamawa, ndipo ngati ndidzakhalebe wosalankhula, dzina langa lidzachotsedwa pa obatizidwa.

Kunyumba mayi anu sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anangoti, "Bambo a Esitere, malaya aja ndisoke matumba a mchere?" Mmawa mwake ndili ku fakitale, iwo anavala nsalu yawo ya ku tchalitchi n'kupita okha kunyumba ya Bwana, mzimayi amene anali asanapondepo khonde la mzungu. A Dinala, amene ankamvetsera pawindo monga mwa khalidwe lawo, anandiuza pambuyo pake mawu amene ananena: "Bwana, munabwereka pakamwa pa amuna anga pali poyera. Mubweze poyera." Atatero anatembenuka n'kumapita, osadikira yankho.

Sabata itakwana tinakhalanso pansi pa mbawa. Anthu anachuluka kuposa a m'tchalitchi. A Namakhwa atangoyamba, tinamva njinga yamoto ikubwera, ikutsokomola m'njira ya m'minda. Anali Bwana Chimphuno, atavala suti ya pa ukwati ija. Anavula chipewa, nakana mpando umene anawapatsa, naima pakati pa bwalo ngati wopalamula.

"Akuluakulu, Mulipa alibe mlandu. Mlandu ndi wanga. Ndinena chinthu chimene ndabisa kuyambira chaka cha fuluwenza, ndipo chikatuluka pano ntchito yanga yatha. Mphuno yangayi ndi yakufa. Sindimva fungo, sindimva kukoma. Tiyi yense amene mwathyola zaka zonsezi, wolawa wake ndi uyu. Vinyo wa mwana wanga ndinamupempha ine, ndipo ndinaona ndi maso anga, sanameze."

Ine ndinkafuna kulira, poona munthu akudzivula pagulu chifukwa cha ine. Kenako mayi wina kumbuyo anatsamwa ndi chiseko, wina anamutsatira, mpaka bwalo lonse linagwa nalo phwete. Bwana anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa. A Namakhwa anadikira kuti anthu atope, akupukuta maso.

"Bwana, zimenezo ndiye mwabwerera pa njinga? Mphuno yanu tinaiika m'manda kalekale. Chaka chija mbuzi inafera pansi pa khonde la ofesi, ife tikudutsa titagwira mphuno, inu munakhala pamwamba pake sabata yathunthu mukudya nthochi. Ngakhale ana a sukulu akudziwa."

"Nonse mukudziwa? Nanga bwanji ku Blantyre sanamve?"

"Akamve kwa yani? Akakuchotsani atitumizira wa chikoti. Mphuno yanu ndi nkhani ya pa esiteti pano, ndipo ithera pansi pa mtengo uno."

Ndinacheukira mayi anu. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira mwana amene wabisa chimanga kumbuyo, ngaiyaye zikuonekera. Zaka zonse zija ndinkayenda ndi chinsinsi changa ngati ndanyamula mazira, osadziwa kuti mudzi wonse ukundithandiza kunyamula. Ndinazindikiranso kuti a Namakhwa pondifunsa funso lija ankadziwa yankho lake. Ankafuna kuona ngati ndigulitse mnzanga kuti ndigule ubatizo.

Bwana anakhala pampando uja tsopano, chipewa chili pamaondo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Koma mlandu unali usanathe. Mkulu wa nkhani ya pabalaza uja anaumirira kuti chifukwa chamveka, koma vinyo analowabe m'kamwa mwa munthu wa m'kalasi, munthu woti anagwapo kawiri. A Namakhwa anagwedeza mutu, natembenukira kwa ine.

"A Mulipa, muyankhe zoona, pamaso pa Mulungu ndi pa akazi anu. Vinyoyo anali wotani?"

Ndinadziwa yankho limene likanandipulumutsa msanga. Ndikanati anali wowawa, wonunkha, chakumwa cha Satana, onse akanavomera n'kumapita kukadya. Koma Bwana anali pomwepo, ndipo anali vinyo wa bambo awo.

"Anali wokoma, akuluakulu. Chibadwire sindinaikepo m'kamwa chinthu chokoma ngati chimenecho, ndipo sindidzaikanso."

Mayi anu anaphimba nkhope ndi mpango. A Dinala anati, "Mayo."

"Ndiye kulavula kunali kovuta?" anafunsa a Namakhwa.

"Kunali kovuta kwambiri. Khosi linkachita kupempha."

"Koma munalavula."

"Ndinalavula."

A Namakhwa anatsamira ndodo yawo n'kuimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Akanati anali wowawa, ndikanamubweza ku kalasi, chifukwa chowawa ngakhale galu amalavula, ndipo sitikanadziwa kuti tsiku lokumana ndi chokoma adzatani. Tsopano tadziwa. Mayi a Esitere, kawachapireni amuna anuwa malaya."